Kompyuta yati yamaliza kukopera, koma fayilo sikutseguka: vuto la cache ndi kathetsedwe kake

Mwezi wa Okutobala chaka china, nthawi ija kuno ku Mangochi kumatentha mpaka malata kumachita kulira okha masana, pa shopu panga panabwera bambo wina wochokera ku Makanjira kudzatenga vidiyo ya chinkhoswe cha mwana wawo. Mnyamata amene anajambula anandisiyira kuti ndiilumikize bwino, kenako ndiike pa memori khadi ya bambowo. Ndinakopera. Kamzere kobiriwira kaja kanayenda mpaka kumapeto osadandaula. Ndinatsegula vidiyoyo pa memori pomwepo, n'kuonetsa koyambirira, pakati ndi kumapeto, zonse zili bwinobwino. Bambowo anaona mwana wawo akulandira mphatso, anamwetulira, anakulunga memoriyo m'kapepala n'kuika m'thumba la malaya.

Patatha sabata ndi masiku anatulukiranso, kapepala komwe kaja kali m'manja.

"Achimwene, anthu kumudzi anasonkhana, TV tinachita kubwereka, koma chithunzi chinangoyenda pang'ono n'kuuma. Mwatipatsa chiyani?"

Mwamwayi mnyamata uja anali asanafufute zimene anajambula, ndiye tinayambiranso. Koma ndalama ya thiransipoti imene bambowo anataya, ndi manyazi amene anachita pamaso pa alendo awo, zinandipweteka kwambiri. Nditafufuza ndinapeza kuti chimene tinaonera tsiku lija sichinkachokera pa memori ayi. Chinkachokera mu RAM ya kompyuta yanga, mmene kompyuta imasunga zinthu kwakanthawi ikamagwira ntchito. Memoriyo inali yachinyengo, ndipo gawo lalikulu la vidiyo silinakhalepo n'komwe.

Kuyambira pamenepo vuto limeneli ndakumana nalo kambirimbiri, m'maonekedwe osiyanasiyana: kwa aphunzitsi amene mayeso awo ataipidwa koma akukana kutseguka, kwa anyamata obena nyimbo kumsika, m'maofesi mmene anthu amasungira mafayilo pa kompyuta imodzi. Muzu wake ndi umodzi, ndipo mukaudziwa simuthamangiranso kunena kuti ndi vayirasi.

Kumene fayilo imayamba yakhala isanafike pa disiki

Kompyuta, kaya ili ndi Windows kapena Linux, ngakhalenso foni ya Android, siilemba pa disiki nthawi yomweyo imene mwaituma. Disiki ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM, fulashi ndiye kuposa apo. Choncho kompyuta imalandira zimene mwalembazo, kuziika mu RAM pamalo otchedwa cache, n'kuuza pulogalamu yanu kuti zatheka. Kulemba kwenikweni kumachitika pambuyo, mwakachetechete. Zili ngati kupatsira wakabaza katundu pa depoti kuti akasiye kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi. Inu mumtima mwati katundu wapita, mwayamba kale zina. Akakagwa panjira mudzamva mochedwa, penanso osamva n'komwe.

Mu Windows muli kachigawo kotchedwa lazy writer, kamene sekondi iliyonse kamatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 a zimene zikudikira n'kukalemba. Linux imadzuka masekondi 5 aliwonse n'kulemba zimene zadikira masekondi 30, ndipo imalola kuti zodikirazo ziunjikane mpaka 20 peresenti ya RAM imene ilipo isanayambe kuimitsa pulogalamu imene ikulemba. Tangowerengerani: pa kompyuta ya RAM ya 8 GB zodikira zikhoza kufika 1 GB. Ngati fulashi yanu imalemba 5 MB pa sekondi, pakufunika mphindi zoposa zitatu kuti zonsezo zilowe, pamene pa sikirini paoneka kale kuti ntchito yatha.

Mbali ya kuwerenga nayo ili ndi zake, ndipo ndi imene inandipusitsa ine. Fayilo ikangolembedwa kapena kuwerengedwa kamodzi, imatsalira mu cache. Mukaitsegulanso, kompyuta siivutika kupita ku disiki, imangokupatsani imene ili nayo pafupi. Ndiye kutsegula fayilo mutangomaliza kukopera sikutsimikizira kanthu. Mukuyang'ana katundu amene adakali pa keliyala.

Musandimve ngati ndikuti cache ndi yoipa. Popanda iyo kompyuta ikanakhala yokwawa moti simukanaipirira. Chimene imachita n'chakuti imatalikitsa nthawi imene vuto lachitika ndi nthawi imene inu mwalimva, ndipo ntchito yonse yokonza imagona pa kulumikizanso ziwirizi.

Mmene vutoli limadzionetsera

Pa Windows uthenga wodziwika ndi wakuti "Delayed Write Failed", ndipo pansi pake pamalembedwa kuti Windows yalephera kusunga zonse za fayilo yakutiyakuti, zatayika. Umatuluka pakona yakumunsi, nthawi zina mutatseka kale pulogalamu imene munkagwiritsa ntchito. Ena ndi "Data error (cyclic redundancy check)" ndi wonena za "I/O device error", amene amabwera kawirikawiri powerenga. Pa Linux mumaona "Input/output error", kapena mwadzidzidzi chilichonse chikukana kusungika ndi mawu akuti "Read-only file system". Wachiwiriyu asakuopseni: makompyuta ambiri a Linux anakonzedwa kuti akaona vuto pa disiki asiye kulembapo, pofuna kuteteza zimene zatsala.

Koma mtundu woipitsitsa ndi wopanda uthenga. Fayilo ilipo, dzina lake lili bwino, kukula kwake kuli bwino, koma mawa lake Word ikuti siingaitsegule, chithunzi chikuoneka theka, kumunsi kuli imvi zokhazokha.

Uthenga ukangotuluka, dzanja lichoke pa Restart

Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira zinthu, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo. Tinazolowera kuti kompyuta ikavuta, kuizimitsa n'kuyatsanso ndiye mankhwala. Pa vuto ili ndi poizoni. Ngati disiki yakana kulandira, ndiye kuti malo okhawo pamene pali fayilo yanu yathunthu ndi mu RAM, ndipo RAM imaiwala zonse magetsi akangochoka.

Ngati fayiloyo idakali yotseguka mu pulogalamu, musaitseke. Chitani Save As, muisunge pa disiki ina, osati imene yadandaulayo. Ngati vuto lili pa fulashi, sungani mkati mwa kompyuta. Ngati lili pa disiki yamkati, sungani pa fulashi imene mumaikhulupirira, kapena dzitumizireni pa imelo. Pa Linux pali mwayi wina: kulemba kukalephera, zimene zimayenera kulembedwazo zimatha kutsalabe mu cache kwakanthawi, ndiye mukakopera fayiloyo mwamsanga kupita kwina mukhoza kuipeza yathunthu. Musatsegule mapulogalamu akuluakulu musanatero, chifukwa akafuna malo mu RAM, zimene mukufunazo ndi zimene zimatulutsidwa. Ndipo musathamangire lamulo lija anthu amakonda kupatsana lochotsa cache, lokhudza drop_caches. Nthawi yake ifika, koma si ino.

Chachiwiri: Windows ikakufunsani kuti mufomate disiki kuti igwire ntchito, yankho ndi Cancel. Mayi wina wogulitsa nsomba zouma anandibweretsera fulashi mmene mwana wawo ankasungira maina a anthu angongole, atadina kale Format chifukwa "kompyuta ndi imene inanena". Tinapulumutsa zina ndi pulogalamu yotchedwa PhotoRec, koma zinabwera zopanda maina ake enieni, ndipo tinakhala tsiku lonse tikutsegula imodziimodzi.

Chachitatu, chimene ena anganditsutse: musayambe ndi chkdsk. Chida chimenechi ntchito yake ndi kulongosola kaundula wa disiki kuti agwirizane, osati kupulumutsa mafayilo anu. Chikapeza zidutswa zimene sichikudziwa mwini wake, chimaziponya mu foda ya found.000 ndi maina ngati FILE0000.CHK. Komanso chkdsk /r imawerenga disiki yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo disiki imene ikufa imatha kutsirizika ndi ntchito yolemetsa yoteroyo. Pulumutsani kaye, kukonza kubwere pambuyo.

Funsani kaundula wa kompyuta

Zofunika zikakhala pabwino, pezani chimene chinachitika. Kompyuta imalemba madandaulo ake, kungoti anthu sitiwerenga. Pa Windows dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani eventvwr, pitani pa Windows Logs kenako System, muyang'ane nthawi imene vuto linachitika. Manambala amene ine ndimasaka ndi ochepa. Nambala 50 ndi kulephera kulemba kochedwa kuja. Nambala 51 ikutanthauza kuti panali vuto posamutsa zinthu pakati pa RAM ndi disiki. Nambala 153 ikuti Windows inachita kubwereza lamulo chifukwa disiki sinayankhe bwino koyamba. Nambala 7 ndi yonena za bad block, kutanthauza kuti pa disikipo pali malo owonongeka. Mukaona 7 ikubwerezabwereza, yambani kuganiza za disiki ina.

Pa Linux tsegulani Terminal, polembera malamulo, lembani sudo dmesg, muyang'ane kumapeto. Mizere yonena "I/O error" yokhala ndi dzina la disiki ndi nambala ya sector, kagawo ka disiki kamene kavuta, ndiyo mukufuna. Onetsetsani nambalayo. Ikakhala yomweyomweyo nthawi zonse, malo amenewo ndi owonongeka. Ikamasinthasintha, ndipo pakati pake pali mizere yonena kuti chipangizo cha USB chachoka n'kubweranso, disiki ikhoza kukhala yabwinobwino, vuto ndi njira yofikira kwa iyo.

Olakwa amene ndimawapeza, kuyambira wofala

Woyamba kuno kwathu ndi magetsi. Akathima zinthu zili mu cache, zapita. Koma palinso aja obwera ofooka, babu likungoyaka mofiira, kapena kuphethira kwa kamphindi posintha kuchoka ku magetsi kupita ku jenereta kapena inveta ya sola. Laputopu imapirira chifukwa cha batire, koma hard disk yakunja imene ili ndi pulagi yakeyake imazima n'kuyakanso, ndipo laputopu imapitiriza kutumiza zinthu kwa disiki imene yachoka. M'maofesi ndaona kompyuta ili pa UPS, bokosi la batire lopereka magetsi akathima, koma kabokosi kolumikiza makompyuta kali pa soketi wamba. Magetsi akathima, foda imene ili pa kompyuta ya mnzanu imasowa, "Delayed Write Failed" n'kutulukira kwa inu. Chilichonse chimene fayilo imadutsamo chikhale pa UPS. Ndipo UPS imene batire yake inatha ndi bokosi chabe, iyeseni pozula pulagi yake kukhoma nthawi imene simukugwira ntchito yofunika.

Wachiwiri ndi kebulo ndi bowo la USB. Bowo la USB 2.0 limapereka magetsi a 500 mA, la USB 3.0 limapereka 900 mA. Hard disk yakunja yodalira kebulo yokha imafuna mphamvu yambiri poyamba kuzungulira, ndiye mukaiika pa mabowo akutsogolo kwa desktop, kapena pa kachipangizo kogawira mabowo kopanda magetsi akeake, mumamva ikuti tchi, tchi, ngati ikuyesa kudzuka n'kugwanso. Ambiri amati yafa. Iikeni kumbuyo, pa kebulo yayifupi, mumve kusiyana. Mabowo otakasuka chifukwa cholowetsa mafulashi a makasitomala tsiku lonse nawonso amadula kulumikizana mukangogunda tebulo.

Wachitatu ndi fulashi ndi memori zachinyengo, ngati ija ya bambo a ku Makanjira. Zimenezi zinasinthidwa kuti ziziuza kompyuta kuti ndi zazikulu pamene mkati ndi zazing'ono. Zikadzaza malo ake enieni sizidandaula, zimangolandira n'kutaya, kapena kulemba pamwamba pa zakale. Cache imabisa chinyengocho mpaka mutazula. Yesani iliyonse yatsopano isanagwire ntchito: pa Windows pali H2testw, pa Linux pali f3. Zonsezi ndi zaulere, zimadzaza fulashi yonse kenako n'kuwerenga kuti zione zimene zabwerera. Zimatenga nthawi, yaikulu imatha maola, koma ndi kamodzi kokha. Imene yalephera musaisunge poti "ya nyimbo chabe". Tsiku lina idzalowa chinthu chofunika.

Memori yeniyeni nayo imakalamba. Zambiri zikatopa zimadzitseka, zimalola kuwerenga koma osalemba. Mumafufuta fayilo, yachoka, mukazula n'kubwezera mukuipeza ili pompo. Kufufuta kuja kunachitikira mu cache mokha. Imeneyo palibe kufomata kumene kungaichiritse. Koperani zanu, mugule ina.

Wachinayi ndi disiki imene ikufa. Pafupifupi hard disk iliyonse imasunga mbiri ya thanzi lake, yotchedwa SMART. Pa Windows muiwerenge ndi CrystalDiskInfo, pa Linux lembani sudo smartctl -a /dev/sda, kusintha sda ndi dzina la disiki yanu. Yang'anani mizere inayi. Wa nambala 5 ukuwerenga malo amene anawonongeka ndipo disiki inawasinthanitsa ndi ena osungira. Wa 197 ukuwerenga malo amene akukanika kuwerengedwa panopa. Wa 198 ndi amene alephereratu. Itatu imeneyi iyenera kukhala pa 0, ndipo ikayamba kukwera disikiyo musaikhulupirirenso. Wa 199 ndi wosiyana: umawerenga zolakwika zapanjira, pakati pa disiki ndi kompyuta, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi kebulo ya SATA, yolumikiza disiki mkati mwa kompyuta. Ndapulumutsapo disiki zingapo zimene eni ake ankafuna kutaya pongosintha kakebulo kameneka. Dziwani kuti nambalayo siibwerera pa 0 mukasintha kebulo, chofunika n'chakuti isiye kukwera.

Disiki yotere musaikopere ndi njira ya masiku onse, chifukwa kompyuta ikafika pamalo owonongeka imabwerezabwereza mpaka kuuma, kenako n'kusiya ntchito yonse. Chida chake ndi GNU ddrescue, pa Linux. Ulendo woyamba lembani ddrescue -n, kutsatiza dzina la disiki yodwala, dzina la fayilo kumene zikupita, ndi dzina la kafayilo kosunga pamene ntchito yafika. Imatenga kaye zonse zosavuta n'kudumpha zovuta. Ulendo wachiwiri mugwiritse -d -r3: chilembo d chikuiuza kuti iwerenge pa disiki penipeni osadzera mu cache, r3 ikuiuza kuyesa katatu pa malo ovuta. Kafayilo kachitatu kaja musakaiwale, chifukwa magetsi akathima pakati pa ntchito mumangopitiriza pamene munalekera. Onetsetsani kawiri kuti simunasinthanitse maina, yodwala ndi yolandira. Ngati disiki ikugogoda mkati mwamphamvu ngakhale mwaipatsa kebulo ndi magetsi abwino, izimitseni, imeneyo yaposa za patebulo.

Kutentha kumawonjezera zonsezi. Mu Okutobala ndi Novembala, kompyuta imene ili m'kashopu ka malata, fani yake itadzaza fumbi, imayamba kuvuta masana koma m'mawa ili bwino. Mukaona kuti mavuto akutsata dzuwa, yang'anani kutentha kwa disiki mu SMART momwemo. Hard disk ikamapitirira madigiri 50 ine sindikhala nayo chete: ndimatsegula bokosi, kupemerera fumbi, kuichotsa pansi ndi pakhoma.

Wachisanu anthu samuganizira: RAM yeniyeniyo. Paja cache imakhala mu RAM, ndiye RAM ikakhala ndi vuto, fayilo imawonongekera panjira ngakhale disiki ili yangwiro. Chizindikiro chake n'chakuti mafayilo akuwonongeka pa fulashi iliyonse imene mwayesa, koma pa kompyuta imodzi yokhayo. Yesani ndi Memtest86+ usiku wonse, kapena lembani mdsched pa Windows. Nthawi zina kuizula, kupukuta mano ake n'kuibwezera bwino kumakwana.

Pali ziwiri zimene zimaoneka ngati vuto lomweli koma si ilo. Fulashi yofomatidwa mwa mtundu wa FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB, ndiye vidiyo yaikulu ikakanidwa, samutsani zanu n'kuifomata kukhala exFAT. Ndipo amene muli ndi Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi, Linux ikamakana kulemba pa disiki ya Windows, kawirikawiri ndi chifukwa cha Fast Startup, imene imasiya Windows isanatseke disiki kwathunthu. Izimitseni mu Power Options ya Windows.

Zimene mungasinthe kuti zisabwererenso

Pa Windows tsegulani Device Manager, pitani pa Disk drives, sankhani disiki, Properties, kenako Policies. Pa fulashi ndi disiki zakunja pali zosankha ziwiri, Quick removal ndi Better performance. Yoyambayo imachepetsa zodikira mu cache, yachiwiri imathamanga koma mukazula osachita Eject mwadziputira. Kuyambira pa Windows 10 ya mtundu wa nambala 1809, Microsoft inaika Quick removal kukhala yoyambira, koma makompyuta ambiri amene amafika pa tebulo langa ndi akale kapena anagwiridwa ndi anthu ambiri, ndiye yang'anani nokha. Ngakhale pa Quick removal ine ndimachitabe Eject. Ndi njira yokhayo imene kompyuta ingandiuzire kuti pali pulogalamu ikulembabe.

Pa disiki yamkati pali timabokosi tiwiri. Koyamba, "Enable write caching on the device", kamakhudza cache ina yaing'ono imene ili mkati mwa disiki momwemo. Pa laputopu ya batire yamoyo kasiyeni kochonga. Pa desktop yopanda UPS imene imasunga za ndalama, ine ndimachotsa chongacho, kompyuta imachedwerapo koma zotayika magetsi akathima zimachepa. Kachiwiri, koyamba ndi mawu akuti "Turn off Windows write-cache buffer flushing", musakachonge. Pali anyamata amene amakachonga pofuna kuti kompyuta ya kasitomala izioneka yothamanga. Kameneka kamaletsa Windows kukakamiza disiki kuti itsirize kulemba, ndipo ndi magetsi athuwa, kutero n'kuika mafayilo a munthu pangozi.

Pa Linux, musanazule fulashi lembani sync, mudikire mpaka ikubwezereni mzere. Ikatenga mphindi ziwiri, ndiye kuti mphindi ziwirizo n'zimene mukanataya. Mukafuna kuona ndi maso, lembani grep -e Dirty -e Writeback /proc/meminfo, mubwereze kangapo, muone manambala akutsika kuyandikira 0. Kuti kamzere kokopera kazinena zoona, chepetsani mulu wa zodikira: mu fayilo yatsopano mkati mwa /etc/sysctl.d ikani vm.dirty_bytes=50331648 ndi vm.dirty_background_bytes=16777216. Pamenepo zodikira sizipitirira 48 MB, ndipo kulemba kumayamba zikangofika 16 MB. Kukopera kudzaoneka ngati kwachedwa, koma nthawi yake ndi yomweyo, kungoti tsopano mukuiona.

Kwa anzanga olemba mapulogalamu

Amene mukulemba timapulogalamu ta m'mashopu ndi m'masukulu, mawu anga kwa inu ndi awa: write ikabwera yopanda cholakwa, zangofika mu cache. Kuti mudziwe kuti zafika pa disiki, itanani fsync pa Linux kapena FlushFileBuffers pa Windows, ndipo muwerenge yankho lake, pamodzi ndi la close. Musalembe pamwamba pa fayilo yakale. Lembani yatsopano pambali, ichiteni fsync, kenako isintheni dzina kuti ilowe m'malo mwa yakaleyo, n'kuchitanso fsync pa foda. Magetsi akathima pakati, mumatsala ndi yakale yathunthu kapena yatsopano yathunthu.

Ndipo fsync ikalephera, musangoibwereza n'kukhulupirira yankho lachiwiri. Mu 2018 anthu okonza PostgreSQL, pulogalamu yaikulu yosungira zolembedwa, anazindikira kuti pa Linux, kulemba kukalephera, zinthu zija zimatha kuchongedwa ngati zalembedwa kale, moti fsync yachiwiri imayankha kuti zonse zili bwino pamene pa disiki palibe. Linux inali itakonzako kaperekedwe ka uthenga wa zolakwika mu 4.13, chaka cha 2017, koma khalidwe limeneli linalipobe. Iwo anasintha PostgreSQL kuti fsync ikalephera iziima kaye, n'kudzayambiranso kuchokera mu kaundula wake. Ngati akatswiri amenewo anakhala zaka asakudziwa, ife tisadzione ngati otetezeka. Ikalephera, uzani wogwiritsa ntchito momveka, m'Chichewa ngati n'kotheka, ndipo mulembenso zonse kuchokera kumene munazitenga.

Kutsimikiza kuti zalowadi

Tsopano tibwerere pa tebulo lija. Kuti mudziwe kuti fayilo ili pa fulashi, muyenera kuikakamiza kompyuta kuiwala imene ili nayo mu RAM. Njira yapafupi ndi kuchita Eject, kuzula, n'kubwezeranso. Yabwino koposa ndi kuitsegula pa chipangizo china. Pa disiki yamkati ya Linux, apa ndi pamene drop_caches imagwira ntchito: chitani sync, kenako lembani 3 mu /proc/sys/vm/drop_caches, ndipo chimene muwerenge pambuyo pake chichokera pa disiki.

Pa zinthu zimene simungazipezenso, maso okha sakwana, chifukwa vidiyo ikhoza kuwonongeka pa mphindi imene simunaonere. Yerekezani chidindo cha mafayilo awiriwo. Pa Windows tsegulani Command Prompt, lembani certutil -hashfile, dzina la fayilo, kenako SHA256. Pa Linux ndi sha256sum ndi dzina la fayilo. Chitani pa yoyambirira, chitaninso pa yokopera mutazula n'kubwezera. Mzere wautali wa manambala ndi zilembo umene utuluke ukhale wofanana ndendende. Kadontho kamodzi kakasintha mkati mwa fayilo, mzere wonse umasintha.

Pa shopu panga kasitomala akabwera ndi memori, ndimawapempha akhale kaye pa benchi. Ndikamaliza kukopera ndimachita Eject, kuizula, kuiika mu foni yawo yomwe, n'kuwapatsa kuti atsegule okha fayilo imene ndakopera pomaliza ndi kuikokera kumapeto. Ena amaona ngati ndikuwachedwetsa minibasi, makamaka a ku Namwera ndi ku Monkey Bay. Ndimawauza kuti, "Pepani bambo, mphindi zisanu zokha." Fayilo yoyambirira ndimaisunga masabata awiri mu foda ya dzina la tsikulo ndisanaifufute, ndipo ya anthu ochokera kutali ngati ku Makanjira imakhala mwezi.